Nankanona, Nyama Yomata ndi Ulimbo

Padangokhala, ndipo inu khalani nane pompano, nthawi ina nyama zidali ndi mfumu, nduna, alonda ndi aphunzitsi monga tiliri ife lero.

Chaka china chilimwe chitafika, sukulu zitatsekera, makolo adatopa ndi ana. Ana a Nungu ankalasana minga, ana a Mbira ankagubuduzirana miyala, ana a Nkhanga ankangosochera. Ndiye makolo adapangana zomanga msasa woti ana azikaphunzirako zojambula mpaka mvula itagwa. Ntchito ya anawo idali imodzi: kudziwa nyama zinzawo pozijambula.

Mphunzitsi wamkulu sadavute kusankha. Adali a Bilimankhwe, amene pa nkhani ya utoto padalibe wowaposa. Ankaphunzitsa ana kusungunula katondo, kupera makala, kusefa phulusa ndi kusinja masamba, kenaka kupaka zonsezo pa makungwa osalaza ndi kamtengo kotafuna kunsonga. Chilema chawo chidali kuchedwa. Akati atukule dzanja kuti aloze polakwika, mwana ankakhala atamaliza kale ndipo ali panja kusewera. Choncho padafunika mphunzitsi wachiwiri.

Gologolo adamva kuti aphunzitsi azidya kumsasa komweko, mtedza ndi maungu zochokera kwa makolo. Iye adali mayi wa ana angapo okonda kudya, ndiye adapita nakauza akuluakulu kuti zojambula adaziphunzira kutali, kuseri kwa mapiri. Kunena zoona sankatha kujambula ngakhale dzira. Tsiku loyamba ana atamupempha kuti awajambulire nkhanga, iye adatola nthenga zimene zidagwa pansi, nazimata pa khungwa ndi ulimbo, nawauza kuti kumene adaphunzira akatswiri sadetsa manja ndi utoto, amamata. Ana adazikonda. Adayamba kutola ubweya, minga, nthanga, udzu, mapale a zikho ndi thonje, nkumapanga nazo nyama pa makungwa. Mmawa ankapenta ndi a Bilimankhwe, masana ankamata ndi Gologolo.

Potakasa ulimbo ankaimba nyimbo imene Gologolo adawapekera. Mmodzi ankayambitsa potchula chiwalo, kaya mchira kaya khutu, ndi kufunsa mwini wake. Onse ankavomera kuti mwini wake ndi amene wachimata, ndipo woona asachuluke mafunso. Ankaimba akugogoda zikho, ndipo ulimbo unkafewa nyimbo isadathe.

Kumsasako kudabwera mlendo. Adali Nyalugwe, mkulu wa alonda, amenenso adali mlamu wa mfumu Mkango. Lamulo linkati mlonda asadye amene akuwalonda, ndipo pamaso pa gulu Nyalugwe ankalisunga. Koma adali atayamba kukalamba, liwiro lidamuthera, ndipo kusaka kutali kunkamutopetsa. Iye adauza aphunzitsi kuti amakonda luso la ana, ndipo adadzipereka kuti azibwera kumapeto kwa sabata kudzasankha chithunzi chopambana. Mwini chithunzi azilandira malambe, chithunzicho azipita nacho iye kukakongoletsa nyumba. Adawonjeza kuti chithunzi chabwino chimaonetsa nyama pamodzi ndi pamene imagona, chifukwa nyama yopanda kwawo ndi theka la nyama. A Bilimankhwe adati pamenepo walankhula ngati katswiri.

Ulendo woyamba adasankha chithunzi cha mwana wa Mbira, amene adajambula amalume ake akuothera dzuwa pakhomo la mng'alu wawo. Sabata isadathe kwa a Mbira kudali maliro. Onse adati ndi chiwombankhanga.

Ulendo wachiwiri adasankha cha Mwatitha, mwana wamkazi wa Gwape. Mwatitha adali ndi dzanja labwino koposa anzake. Adajambula bambo ake atagona m'chitsamba cha minga pafupi ndi chulu chong'ambika, ndipo aliyense woona ankadziwa kuti chulucho ndi chiti. Adalandira malambe, nakagawana ndi bambo akewo. Patapita masiku, a Gwape sadabwere kunyumba. Adangopeza ziboda. Maliro atatha Mwatitha adabwerera kumsasa chifukwa mayi ake adalibe komusiya, koma utoto sankaukhudza ndipo sankayankhula. Ankangokhala pakona.

Ulendo wachitatu Nyalugwe adaima nthawi yaitali pa chithunzi chosatha cha mwana wotsiriza wa Gologolo. Kamwanako kadamata mtengo, mphako, ndi timichira tambiri tikusuzumira kunja. Nyalugwe adanyambita ndevu, nati chimenechi chikatha ndiye chidzapambana, ndipo adzachitenga akadzabweranso.

Ana atapita kokadya, Gologolo adapeza a Bilimankhwe akutsuka zikho.

"Akulu, zithunzi zapita ziwiri, maliro agwa awiri. Chachitatu ndi nyumba yanga."

A Bilimankhwe adatembenuza diso limodzi, kenaka linalo, khungu lawo nkuyera ngati phulusa. Adati akanene kwa mfumu. Gologolo adawakumbutsa kuti woimbidwa mlandu ndi mlamu wa woweruza, ndipo mboni zawo ndi ziboda. A Bilimankhwe adati ndiye atseke msasa. Gologolo adati akatseka, Nyalugwe adziwa kuti amutulukira, ndipo kwawo kwa ana onsewa iye akukudziwa kale.

"Nanga titani?"

"Iye amadya zimene ana ajambula. Tiyeni timujambulire choti adye."

Masana amenewo Gologolo adauza ana kuti leroli apanga chithunzi chimodzi onse, cha nyama imene sadaionepo. Thupi adapanga ndi thonje lambiri, lozungulira ngati dzungu. Pamsana adamata nthenga za nkhanga. Miyendo idali ifupiifupi, yothera m'timapale ta chikho, yopanda chikhadabo ngakhale chimodzi. Nyanga idalibe, mano idalibe, maso adali nthanga ziwiri zogoneka chifukwa nyamayo imakhalira kugona. A Bilimankhwe adapaka madontho achikasu pansi pa mimba kuti aoneke ngati mafuta akukha. Kumbuyo kwake ana adajambula mlambe wa mphako umene onse ankaudziwa. Ana adakangana za dzina mpaka adagwirizana kuti ndi Nankanona. Chithunzi cha timichira chija Gologolo adachiponya pamoto, nauza mwana wake kuti chiswe chadya.

Nyalugwe atabwera, maso ake adakodwa pa Nankanona. Adafunsa kuti ndi nyama yanji imene iye, mkulu wa alonda, saidziwa. Gologolo adati ndi mlendo wobwera chaka chomwechi, wamanyazi kwambiri, ndipo akuti ndi wonona moti akayenda udzu umatsala wonyezimira.

"Mwa ana onsewa, wamuona ndani ndi maso?"

Funso limeneli Gologolo sadalikonzekere. Ana adayang'anana, ena adayamba kuseka. Ndiye pakona padamveka mawu.

"Ndidamuona ndine," adatero Mwatitha. "Amagona mumphako mwa mlambe uja. Sadzuka ngakhale mutamugwedeza."

Adali mawu ake oyamba chigwere maliro. Gologolo adamuyang'ana, nazindikira kuti mwanayo adali atadziwa zonse payekha.

Nyalugwe adati chithunzichi chapambana, nasiya malambe, nanyamuka nacho. Adati monga mlonda ayenera kukapereka moni kwa mlendo. Ana adamuperekeza ndi nyimbo yawo ya ulimbo, ndipo iye adagwedeza mchira poyesa kuti akumutamanda.

Mumphako muja munkakhala njuchi, ndipo Gologolo ankadziwa chifukwa zidamulumapo. Nyalugwe adafika, naponya mutu wonse mkati, kukamwa kuli yasa. Adabwerera kumsasa mmawa mwake diso limodzi litatsekeka, milomo itatupa ngati ya mvuu, akuyankhula movutikira. Adati mumphako mulibe mlendo aliyense, muli njuchi zokhazokha.

"Mwapeza njuchi, bwana?" adafunsa Gologolo mokondwa. "Ndiye kuti mwangomuphonya pang'ono. Njuchi zimamutsata kuti zinyambite pamene wagona. Mumayesa uchi zimautenga kuti?"

Nyalugwe adakumbukira kuti lilime lake lidakhudzadi chinthu chozuna asadathawe, ndipo mkwiyo udayamba kutsika. Gologolo adadzudzula ana kuti adajambula kogona kokha osajambula koswera. Ana adapepesa, natenga khungwa lina. Nthawi ino adajambula Nankanona atamira m'thope la kudambo, msana wokha ukuoneka. Adaumata ndi dothi lotuwa, wosalala ngati mwala. Mwatitha adafotokoza kuti dzuwa likatentha mafuta amamuwotcha, ndiye amakadziziritsa, ndipo wofuna kumupatsa moni azimufikira kumsana mwadzidzidzi, chifukwa akamva mapazi amamira.

Nyalugwe adatenga chithunzicho osasiya ndi malambe omwe. Ana adaimbanso nyimbo ija, ndipo woyambitsa adatchula msana.

Kudamboko kunkapuma a Mvuu, nyakwawa ya kumadzi, mayi wamkulu thupi amene sankakonda kudzutsidwa. Nyalugwe adaona msana wotuwa uli pamwamba pa thope monga pachithunzi. Adanyang'ama, nalumpha, nabaya zikhadabo zonse. Zimene zidatsatira adaziona achule okha, ndipo ankati a Mvuu adayamba amugudubuza, kenaka adamukhalira, kenaka nkumufunsa chimene amafuna. Nyalugwe adati adaterereka.

Adakhala masiku osaoneka. Ana adapitiriza maphunziro awo, a Bilimankhwe nkuyamba kunena kuti mwina zatha. Gologolo adati nyalugwe wanjala satha choncho.

Adabweradi, akutsimphina, khutu litang'ambika, nthiti zikuwerengeka. Moni sadapereke. Adalowa mumsasa, naponya pansi chithunzi cha Nankanona chimene adatenga poyamba, naponda khungwa la mwana wa Nungu, naika dzanja paphewa pa Mwatitha.

"Makungwa ndatopa nawo. Uyu akuti adamuona. Tipita tonse akandionetse, ndipo tikapanda kumupeza ndibwerako ndekha."

A Bilimankhwe adayamba kutukula dzanja kuti aletse, koma onse ankadziwa kuti lidzafika m'mwamba mwana atapita kale. Gologolo ndiye adalumphira kutsogolo.

"Mutengeni, bwana, ndi mwana womvera. Koma mukavutika chabe. Nankanona wakudziwani fungo, wakudziwaninso mawanga. Kumphako adakuonani, kudambo adakuonani. Tsopano akangoti waona chamawanga, amasamuka."

"Ndiye ukuti nditani?"

"Amatulukira mnzake yekha. Ali yekhayekha kuno, ndipo akulira mnzake. Akaona Nankanona wina atagona, amabwera kudzagona pambali pake."

Nyalugwe adafunsa komwe angapeze Nankanona wina pamene woyamba yemwe akumuvuta. Gologolo adaloza ana, naloza mphika wa ulimbo, nati ana amene adapanga Nankanona pa khungwa sangalephere kumupanga pa thupi la munthu wamkulu ngati iye. Nyalugwe adaganiza. Njala idali itamukwana, ndipo atavutika kawiri konse sakadalola kuti mafutawo adye wina. Adachotsa dzanja paphewa pa mwana, nagona pansi pakati pa msasa.

Ana adagwira ntchito imene sadagwirepo chiyambire. Ana a Mbira ankapaka ulimbo, ana a Nkhanga adapereka nthenga zawo zomwe, ana a Gologolo ankathamanga ndi thonje. Adamumata kuyambira kukhosi mpaka kumchira, mchirawo nkuupinda pansi pa mimba. A Bilimankhwe adapaka madontho achikasu aja, ndipo tsiku limenelo dzanja lawo lidafulumira. Atafika kumapazi, Gologolo adabweretsa zikho zinayi zodzaza ulimbo. Nyalugwe adakana. Gologolo adamuonetsa chithunzi choyamba cha Nankanona chija chimene iye yemwe adachitcha chopambana, namufunsa ngati akuonapo chikhadabo. Nyalugwe adapisa mapazi m'zikho.

Kudatsala kukamwa. Gologolo adati mano akaoneka zonse zapita pachabe, ndiye afunika kumanga ndi luzi pang'ono, ndi kuphimba ndi thonje.

"Nanga moni ndikapereka bwanji?"

"Timanga mfundo yachibwana, bwana. Mukangoyasamula imasuka. Amange ndi mwana kuti isalimbe."

Adamanga ndi Mwatitha. Adazunguliza luzi mosafulumira, nabwereza, nabwerezanso, namanga mfundo imene bambo ake adamuphunzitsa pomanga mitolo ya nkhuni. Nthawi yonseyi ana ankaimba nyimbo yawo. Woyambitsa adatchula msana, mapazi, mchira ndi kukamwa, ndipo onse ankavomera kuti mwini wake ndi amene wamata. Kenaka adamutsogolera, zikho zikugogoda pansi, mpaka pamphambano ya njira yopita kubwalo la mfumu. Gologolo adamuuza kuti agone, atsinzine, ndipo asagwedezeke ngakhale atamva mapazi, chifukwa amenewo akhala mlendo uja.

Pobwerera a Bilimankhwe adati tsopano apumule, mdani wamangidwa. Gologolo adati ulimbo ndi wa mbalame, nyalugwe sungamugwire mpaka kalekale. Akatuluka thukuta umasuka, ndipo akamasuka sadzafunsanso za zithunzi. Adatuma ana onse kwawo, kupatula Mwatitha amene adakana. Gologolo adatenga chithunzi cha Nankanona chimene Nyalugwe adachisiya pansi, nathamangira kubwalo, Mwatitha ali pambuyo pake.

Mfumu Mkango idali nyama yaulesi, yokonda tulo ndi zonona, ndipo masiku amenewo dzino linkaivuta moti nyama yolimba inkaikana. Gologolo adagwada, naomba m'manja, nati ana a kumsasa atulukira nyama yachilendo, ndipo poti lamulo limati chonona chilichonse chiyambe chalawidwa ndi mfumu, iye waona kuti asachedwe. Mfumu idayang'ana chithunzi. Idafunsa ngati ili ndi nyanga, adati ilibe. Idafunsa za mafupa, adati akuti ndi ofewa ngati bowa. Idafunsa kuti ili kutali bwanji, ndipo atanena kuti yagona pamphambano pompa, mfumu idadzuka yokha osadikira onyamula mpando. Nduna zidatsatira pambuyo.

Pamphambano adapezadi chinthu chozungulira, choyera, cha nthenga pamsana, chitagona monga pachithunzi. Nyalugwe adamva mapazi olemera akuyandikira. Adaganiza kuti mlendoyo ndi wamkulu kuposa momwe ana adajambulira. Adayesa kuyasamula, mfundo osamasuka. Adayesa kutulutsa zikhadabo, zidangokanda m'zikho. Pomwepo mfumu idamugwera pamsana ndi thupi lonse, niluma pakhosi.

Idadzaza kukamwa ndi thonje. Idalavula, nilumanso, nthenga nkuimatirira kundevu. Idakwiya, niyamba kusadzula ndi manja, thonje likuuluka, mpaka pansi padaoneka mawanga. Idaima, nisuzumira kumaso kwa nyamayo.

"Alamu?"

Nduna ina idadula luzi. Nyalugwe adapuma mwamphamvu, nayamba kunena kuti Gologolo ndi ana amupusitsa. Mfumu idati zimenezo imva bwino lino, koma choyamba afotokoze chimene mkulu wa alonda akuchita pamphambano atavala nthenga. Nyalugwe adati amadikira Nankanona.

"Ndiye kuti mumamudziwa?"

"Ndi kale, mfumu," adatero Gologolo asadayankhe mwini wake. "Kumphako adamulondola, nkhope ija idatupa ndi imeneyo. Kudambo adamulondolanso, a Mvuu angachitire umboni. Ife timayesa kuti mwawatuma ndinu."

Mfumu idatembenukira kwa mlamu wake. Idati dzino lakhala likuiwawa nyengo yonseyi, iye akudziwa, ndipo tsiku ndi tsiku amadya naye m'mbale imodzi osatchulako za nyama yofewa ngati bowa.

Apa mpamene Nyalugwe adayang'ana thonje lili mbwee, nayang'ana chithunzi, nayang'ana Gologolo, zonse nkumuwalira.

"Mfumu, nyama imeneyi kulibe. Ndi thonje ndi ulimbo basi."

"Kulibe? Njuchi zidakulumirani chinthu chimene kulibe? A Mvuu adakuthyolerani nthiti chinthu chimene kulibe? Inu, wamkulu ndi ndevu zanu, mwalola ana akumateni nthenga chifukwa cha chinthu chimene kulibe? Alamu, kapena mwadya kale, kapena mwabisa."

Nyalugwe adasowa poyambira. Kuti anene chifukwa chimene ankakhulupirira zithunzi za ana, adayenera kutchula zithunzi ziwiri zoyamba zija ndi zimene adapeza atazitsata. Koma Mwatitha adatuluka kumbuyo kwa Gologolo, nagwada pamaso pa mfumu.

"Mfumu, iwowa adadya bambo anga, a Gwape. Adawapeza ndi chithunzi chimene ndidajambula ine. Adadyanso amalume a mnzanga, a Mbira."

Nduna zidayang'ana pansi. Mfumu idachotsa nthenga kundevu, niti mlandu umenewonso ndi waukulu ndithu, ndipo udzakambidwa tsiku lake. Kenaka idabwerera ku nkhani ya mafuta. Idagamula kuti Nyalugwe si mkulunso wa alonda, achoke m'dzikomo akasake Nankanona, ndipo asadzapondenso kubwalo kapena kumsasa pokhapokha atamunyamula wamoyo. Idafunsa Gologolo kumene nyamayo ingakhale italowera, ndipo iye adati ndi phokoso lachitikali, iyenera kuti yadutsa mapiri onse.

Nyalugwe adachoka zikho ziwiri zikadali kumapazi. Mpaka lero amayenda yekha, ndipo akagwira kanthu amakwera nako mumtengo kuti mlamu wake angaone ndi kufunsa.

Tsiku la mlandu wa a Gwape silidafike. Chimene mfumu idachita ndi kulamula kuti msasa uzitsegulidwa chilimwe chilichonse, chakudya chizichokera kubwalo, ndipo ana azijambula Nankanona kuti amithenga ake asaiwale maonekedwe ake. Gologolo idamuika kukhala nduna yoona za nyamayo, kutanthauza kuti nthawi iliyonse mfumu ikamva njala, iye ankayenera kukafotokoza kumene Nankanona wamveka posachedwa. A Bilimankhwe adamuuza kuti wadzimata yekha. Iye adati bola bodza la chaka ndi chaka kusiyana ndi maliro a sabata ndi sabata.

Tsiku lotseka msasa, mitambo itayamba kusonkhana, ana adanyamula makungwa awo kupita nawo kwa makolo. Mwatitha adatsalira, nathandiza Gologolo kupala ulimbo wouma mumphika.

"Aphunzitsi, bwanji mfumu idakwiyira mafuta, osakwiyira bambo anga?"

Gologolo adati mfumu ili ndi makutu awiri, lina la milandu, lina la mimba, ndipo la milandulo lidagontha kalekale. Iye adalankhulira limene limamva. Adati sakunena kuti nzabwino, akungonena momwe ziliri.

Mwatitha adapitiriza kupala.

"Tsiku lija, nditamanga luzi, m'manja mudatsala thonje lonyowa ndi ulimbo. Ndidafuna kumumata ndi mphuno zomwe."

"Ndidakuona," adatero Gologolo. "Nchifukwa chake ndidakutsomphola thonjelo."

"Bwenzi atafa."

"Bwenzi atafadi. Ndipo iwe bwenzi ukumunyamula mpaka ukalamba wako. Msiye ayende ndi miyendo yake."

Mwatitha adamaliza kupala mphika, nauvundikira pakona, nasamba m'manja. Mayi ake adali ataima panja kumudikira, ndipo adapita nawo kwawo.

Yanga yathera pamenepa. Wotsala ndi mafunso akafunse Gologolo, ngati angamupeze atakhala pansi.